Chenjezo la zanyengo latumizidwa pafoni koma silinapulumutse munthu: kufufuza pamene uthenga ukufera

Vuto limene limabwera chaka ndi chaka pa ntchito yofalitsa ulosi wa zanyengo ndi machenjezo a ngozi kudzera m'mapulogalamu a pafoni, makamaka m'mayiko amene akutukuka kumene, limaoneka chimodzimodzi kulikonse. Akatswiri aona namondwe kapena chimvula chikubwera, chenjezo lalembedwa, ndipo kompyuta ya ku ofesi ikuonetsa kuti uthenga wapita kwa anthu masauzande ambirimbiri. Koma madzi akaphwa, ofufuza n'kufika kumadera amene akhudzidwa, amapeza kuti ambiri sanaone kanthu, ena uthengawo unawapeza madzi ali kale m'nyumba, ndipo ena anauwerenga bwinobwino n'kubwerera kukagona. Malangizo awa alembedwera amene amayendetsa mapulogalamu otere, kaya ali m'nthambi za boma, m'mabungwe othandiza pa ngozi kapena m'makampani olemba mapulogalamu, ngakhale kuti ena mwa malangizowa angathandizenso mwini foni amene akudabwa kuti foni ya mnzake inalira koma yake inangokhala chete.

Mu Marichi 2022 mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, a António Guterres, analengeza cholinga chakuti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko lapansi azitetezedwa ndi machenjezo ofika nthawi yabwino. Ndondomeko yake, yofuna madola a ku America okwana 3.1 biliyoni, inatulutsidwa pa msonkhano wa mayiko wokambirana za kusintha kwa nyengo wa COP27 ku Sharm el-Sheikh, ku Egypt, mu Novembala chaka chomwecho, ndipo gawo lofikitsa uthenga kwa anthu linaperekedwa m'manja mwa ITU, bungwe la United Nations loona za matelefoni ndi mauthenga. Pa njira zonse zofikitsira uthengawo, pulogalamu ya pafoni ndi imene imakopa ambiri, poti ndi yosavuta kuionetsa kwa opereka ndalama, koma ndi yomweyonso imene ili ndi malo ochuluka amene uthenga ungafere.

Pofufuza musayambire pa seva yanu, kompyuta imene imatumiza mauthengawo. Yambirani pa foni ya munthu amene sanachenjezedwe, n'kumabwerera cham'mbuyo mpaka mukafike pa desiki la wolosera. Chiwerengero cha mauthenga amene achoka ku ofesi n'chosiyana ndi cha amene afika pafoni, cha amene afikacho n'chosiyana ndi cha amene awerengedwa, ndipo zonsezi n'zosiyana ndi chiwerengero cha anthu amene anyamuka. Lipoti limene likupereka nambala yoyamba yokha silinafufuze kanthu.

Foni ili ndi pulogalamu, koma sinalire

Apa ndi pamene mauthenga ambiri amafera. Mafoni amakono ochuluka m'mayiko amenewa ndi a Android, ndipo Android inakonzedwa kuti izisunga moto wa foni ndi mtendere wa mwini wake, osati kutumikira pulogalamu yanu. Kuyambira pa Android 13, imene inatuluka mu 2022, pulogalamu yongoikidwa kumene siloledwa kuonetsa uthenga uliwonse pokhapokha mwini foni atavomera pamene wafunsidwa. Anthu ambiri amakana funsolo osaliwerenga n'komwe, ndipo kuchokera tsiku limenelo pulogalamuyo imakhala yosalankhula. Musamafunse chilolezocho munthu akangotsegula koyamba. Yambani mwamufotokozera m'chinenero chake kuti popanda chilolezocho foni sidzamudzutsa madzi akamabwera, ndipo akakanabe, tsamba loyamba la pulogalamu lizionetsa moonekeratu kuti machenjezo ndi otseka pamodzi ndi batani lomufikitsa pomwe angatsegulire.

Chilolezo chikakhalapo, onani nkhani ya tulo ta foni. Kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015 muli dongosolo lotchedwa Doze, limene limagoneka foni ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito komanso osalumikizidwa kumagetsi, moti mapulogalamu amaloledwa kufika pa intaneti mwa apo ndi apo. Foni imagona kwambiri usiku, nthawi imene madzi osefukira amapeza anthu ali m'tulo. Njira imene mapulogalamu ambiri amatumizira mauthenga, ya Google yotchedwa Firebase Cloud Messaging, ili ndi magulu awiri: uthenga wamba, umene umadikira foni idzuke, ndi uthenga wachangu, umene umaidzutsa. Tsimikizani kuti machenjezo a ngozi akupita ngati achangu. Koma musasandutse uthenga uliwonse kukhala wachangu, chifukwa mauthenga achangu amene saonetsa kanthu kwa mwini foni amachititsa kuti otsatira ake ayambe kutengedwa ngati wamba.

Pamwamba pa izi, makampani ena opanga mafoni amaikamo njira zawozawo zosungira moto, zimene zimatseka pulogalamu iliyonse imene sikuoneka pa sikirini. Vutoli silioneka pa foni yodula ya wolemba pulogalamu, ndipo n'chifukwa chake limadutsa mayeso onse a mu ofesi. Gulani mafoni otchipa amene akugulitsidwa kwambiri m'dera limene mukutumikira, muwasiye usiku wonse osawakhudza, muwatumizire chenjezo loyesera mbandakucha, ndipo mulembe amene alira. Pa mtundu uliwonse umene walephera, konzani malangizo azithunzi osonyeza pomwe munthu angachotsere pulogalamuyo pa mndandanda wa zotsekedwa.

Pali msampha wina umene umagwira makamaka mapulogalamu a zanyengo. Kuyambira pa Android 11, pulogalamu imene yakhala miyezi ingapo osatsegulidwa imalandidwa zilolezo zake, ndipo Android 12 inawonjeza kuti pulogalamu yotere izigonekedwa kotheratu. Munthu amene anaika pulogalamu ya machenjezo nyengo ya mvula ili mkati n'kuiiwala chilimwe chonse amafika dzinja lotsatira akuganiza kuti ndi wotetezedwa pamene pulogalamuyo inafa kalekale. Mvula isanayambe, tumizani SMS yokumbutsa aliyense kutsegula pulogalamuyo ngakhale kamodzi. Ndi bwinonso kuti ikhale ndi phindu la tsiku ndi tsiku, monga ulosi wa mawa, koma ulosiwo uziyenda pa ngalande yake ya mauthenga, yosiyana ndi ya machenjezo. Android 8.0 ya mu 2017 inabweretsa mwayi wogawa mauthenga chonchi, kotero kuti wotopa ndi ulosi wa tsiku lililonse angathe kuutseka popanda kutsekera limodzi chenjezo la namondwe.

Zonsezi zili bwino, funsani munthuyo ngati data inali yoyatsa. Anthu opeza movutikira amayatsa data kwa mphindi zochepa patsiku, ndipo ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha, imene sinyamula mauthenga a pulogalamu ina. Kugwirizana ndi makampani a netiweki kuti pulogalamu yanu ikhale yaulere kumathandiza, koma pali chimene ambiri amaiwala: uthenga wodzutsa foni umadzera pa maseva a Google, osati pa seva yanu, ndiye kuchotsa mtengo pa adiresi yanu yokha sikukwanira. Chodalirika n'chakuti pulogalamu iziyankha ku seva kuti chenjezo lafika, ndipo foni iliyonse imene sinayankhe pakapita mphindi zochepa izitumiziridwa SMS popanda kudikira munthu kuti alamule.

Uthenga unafika, koma mochedwa

Yerekezani nthawi zinayi: imene wolosera anamaliza kulemba, imene chenjezo linavomerezedwa, imene linachoka pa seva, ndi imene linaonekera pafoni. Kawirikawiri mpata waukulu umapezeka pakati pa ziwiri zoyambazo, pamene chikalata chinali kudikira siginecha ya bwana amene foni yake inali yozima. Izi sizikonzedwa ndi luso la kompyuta koma ndi lamulo la ntchito: mawu a machenjezo alembedwe ndi kuvomerezedwa nyengo isanayambe, m'zinenero zonse, n'kungosiya malo a dera ndi nthawi, ndipo wogwira ntchito usiku akhale ndi mphamvu yotumiza. Dongosolo la kalembedwe ka machenjezo lotchedwa CAP, limene bungwe la ITU linalivomereza mu 2007, limalola kuti chenjezo lilembedwe kamodzi, ndi kukula kwa ngozi, changu chake, dera lake ndi nthawi yake yothera, kenako lipite lokha ku pulogalamu, ku SMS, kuwayilesi ndi kukanema. Kumene uthenga umakoperedwa pamanja kuchoka pa chikalata cha PDF, kuchedwa ndi zolakwika sizingalephere.

Mpata ukakhala kumapeto, ganizirani za foni imene inali yozima. Mukapanda kuika malire, Firebase imasunga uthenga mpaka milungu inayi, moti munthu amene foni yake inatha moto angadzalandire lamulo losamuka patatha masiku atatu ngozi itadutsa. Uthenga wotere umabweretsa mantha opanda pake ndipo umachotsa chikhulupiriro. Ikani nthawi yothera pa chenjezo lililonse, ndipo pulogalamu izionetsa ndi zilembo zazikulu tsiku ndi ola limene linatulutsidwa. Onaninso mawerengedwe a maola. Ulosi wa makompyuta akuluakulu umalembedwa pa nthawi yoyendera dziko lonse ya UTC, imene imasiyana ndi ya pakati pa Africa ndi maola 2, ya ku India ndi maola 5 ndi theka, ndipo ya ku Nepal ndi maola 5 ndi mphindi 45. Pulogalamu imene mvula yake imachedwa kapena kufulumira ndi maola ofanana tsiku lililonse ili ndi vuto limeneli, osati la ulosi.

SMS nayo imachedwa, chifukwa imapita ku nambala imodzi imodzi pamzere, ndipo nthawi ya ngozi aliyense amakhala akuimbira abale ake, netiweki n'kudzaza. Njira ya cell broadcast ilibe vuto limeneli: nsanja imaulutsa uthenga kwa mafoni onse amene ali pansi pake m'masekondi ochepa, popanda kufuna manambala kapena data. Koma imafuna mgwirizano wa boma ndi makampani a netiweki, si foni iliyonse yakale imene imaionetsa, ndipo sibweza umboni wakuti uthenga wafika. Dziko la Philippines linachita kukhazikitsa lamulo mu 2014 lokakamiza makampani a mafoni kutumiza machenjezo a ngozi kwaulere. Kumene lamulo lotere kulibe, kukambirana kwake kuyenera kuchitika kunja kuli ngwee, osati namondwe ali pakhomo.

Palinso malire amene palibe pulogalamu ingawadumphe. Namondwe Idai atawomba mzinda wa Beira ku Mozambique usiku wa pa 14 Marichi 2019, magetsi ndi netiweki zinazima, mzindawo n'kukhala masiku osalumikizana ndi kunja. Choncho uthenga womaliza umene mungadalire ndi umene wapita mphepo isanafike, ndipo uyenera kunyamula zonse: kothawira, njira yake ndi zoti munthu atenge. Zimenezi zisungidwe mufoni momwemo kuti ziziwerengeka popanda netiweki, ndipo chenjezo loyamba likumbutse anthu kutchaja mafoni magetsi adakalipo. Bungwe la Global Commission on Adaptation linawerengera mu 2019 kuti chenjezo lofika maola 24 ngozi isanachitike lingachepetse chiwonongeko ndi 30 peresenti. Phindu lili m'maola amenewo, osati m'mauthenga otumizidwa denga litasasuka kale.

SMS yafika yoduka kapena ya zilembo zosamveka

Ili ndi vuto laling'ono losavuta kulikonza. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, koma pokhapokha zonse zili pa mndandanda wa zilembo wamba za SMS wotchedwa GSM. Mukaikamo chilembo chimodzi chokha cha kunja kwa mndandandawo, monga ŵ, kapena kachizindikiro kopindika kamene makompyuta ena amaika pa mawu ngati ng'ombe m'malo mwa kowongoka, uthenga wonse umasintha kalembedwe ndipo malire amatsika kufika pa 70. Zinenero za zilembo zawozawo, monga Chibengali ndi Chiamhariki, kawirikawiri zimakhala pa 70. Uthenga wautali umagawidwa m'zidutswa za zilembo 153 kapena 67, ndipo netiweki ikadzaza chidutswa china chingachedwe kapena kusowa. Werengani zilembo musanatumize, yesani pa foni ya mabatani, ndipo mawu ouza munthu chochita akhale m'chidutswa choyamba.

Chenjezo lapita kwa anthu olakwika

Adiresi imene munthu anapereka polembetsa SIM khadi si kumene wagona usiku uno, ndipo GPS ambiri amaizimitsa posunga moto. Lolani munthu asankhe yekha malo angapo, kumene akukhala, kumene kuli munda ndi kumene kuli makolo, ndipo mayina a malo ofanana asiyanitsidwe potchula boma kapena chigawo. Pa madzi osefukira cholakwika chachikulu ndi kuchenjeza kumene kukugwa mvula m'malo mwa kumene madzi akupita. Mudzi wa m'chigwa ungamizidwe kumwamba kuli mbee, ndi mvula imene yagwa kumapiri akutali, mwinanso m'dziko loyandikana nalo. Dera la chenjezo lijambulidwe motsata mtsinje, osati malire a maboma.

Anthu akunena kuti pulogalamu imanama

Musafulumire kuwatsutsa. Mapulogalamu ambiri amatenga ulosi mwachindunji ku makompyuta olosera dziko lonse lapansi popanda katswiri kuuona. Wa GFS wa ku America umagawa dziko m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 13, ndipo wa ECMWF wa ku Ulaya ta makilomita pafupifupi 9. Mvula ya mabingu ya kumadera otentha imatha kugwa pa dera laling'ono kuposa pamenepo, kuno kukukhuthuka, kutsidya fumbi likuuluka. Komanso makina oyezera nyengo ndi ochepa m'mayiko ambiri osauka, kotero makompyutawo amayamba kuwerengera asakudziwa bwino mmene mlengalenga ulili. Pulogalamu yoonetsa kachithunzi ka mtambo pa ola lililonse kwa masiku khumi ikulonjeza zimene sayansi singakwanitse, ndipo ikalakwa kangapo pa zazing'ono anthu sadzaikhulupiriranso pa zazikulu.

Siyanitsani moonekeratu ulosi wa makina ndi chenjezo la nthambi ya boma yoona zanyengo, ndipo chenjezolo lizikhala ndi dzina la amene alitulutsa. Bungwe la zanyengo la dziko lonse la WMO limasunga kaundula wa maofesi ovomerezeka kuchenjeza m'dziko lililonse, ndipo pulogalamu yotsutsana ndi wayilesi ya boma imangosokoneza anthu. Pa mvula ya mabingu ndi mphenzi, dalirani kwambiri ulosi wa maola ochepa wochokera ku zithunzi za setilaiti ndi makina ozindikira ziphaliwali, monga imachitira pulogalamu ya Damini ku India pochenjeza za ziphaliwali. Pa mitsinje ikuluikulu, imene madzi ake amakwera pang'onopang'ono, ulosi wa masiku angapo ndi wotheka, ndipo pulogalamu ya Google yolosera madzi osefukira ya Flood Hub imafika masiku 7. Fotokozaninso tanthauzo la manambala: mwayi wa mvula wa 60 peresenti ukutanthauza kuti pa masiku khumi ofanana ndi limeneli, mvula imagwa pa asanu ndi limodzi, ndipo tsiku limene sinagwe si umboni wa bodza. Chenjezo likapita pachabe, tumizani uthenga wonena kuti ngozi yadutsa ndi chifukwa chake sinafike monga mmene ankayembekezera. Kungokhala chete ndi kumene kumawononga.

Anawerenga, koma sanasamuke

Namondwe Haiyan atawomba Philippines pa 8 Novembala 2013, ulosi unali wolondola ndipo unafalitsidwa, komabe anthu oposa 6,000 anafa, ambiri ndi madzi a m'nyanja amene anakhuthukira mu mzinda wa Tacloban. Opulumuka ambiri anafotokoza kuti mawu achingerezi akuti storm surge, amene anali m'machenjezo, sankawadziwa tanthauzo lake. Uthenga unafika, koma mawu ake sanajambule m'maganizo mwa anthu chithunzi cha nyanja ikulowa m'nyumba. Mu 2015 bungwe la WMO linatulutsa malangizo olimbikitsa kuti machenjezo azinena zimene nyengo idzachite, osati mmene idzakhalire basi. Kunena kuti kugwa mvula ya mamilimita 150 sikusuntha munthu. Kunena kuti mtsinje udutsa pamwamba pa mlatho usiku uno, ndipo okhala m'mphepete mwake apite kusukulu yakumtunda dzuwa lisanalowe, kumamupatsa chochita.

Onaninso ngati chenjezo linatchula ngozi yeniyeniyo. Namondwe Freddy, amene anakhala masiku 36 mu 2023 ndipo ndi wokhalitsa kuposa onse olembedwa m'mbiri, anapha anthu ambiri kumwera kwa Malawi ndi matope ndi miyala zogumuka m'mapiri, kuwonjezera pa mitsinje yosefukira. Wokhala m'mbali mwa phiri akamva za kusefukira kwa madzi amaona ngati ali pabwino, poti ali pamtunda. Uthenga wa iyeyo uyenera kukhala wosiyana ndi wa wokhala m'dambo. Musanagwiritse ntchito mawu alionse, awerengereni anthu wamba amene si a ntchitoyi, kenako muwafunse kuti akanatani atawalandira usiku. Yankho lawo likasiyana ndi limene mumafuna, olakwa ndi mawuwo.

Munthu sasamuka chifukwa cha foni yokha. Amayamba wafunsa mnzake, wamvera wayilesi, waona ngati oyandikana nawo akulongedza, ndipo amaganizira ziweto ndi katundu amene angabedwe nyumba ikatsala yokha. Choncho batani lotumizira chenjezo kwa ena pa WhatsApp kapena SMS ndi lofunika kwambiri, bola uthengawo ukhale ndi tsiku ndi dzina la ofesi kuti wakale usamazungulirenso.

Amene pulogalamu singawafikire

Kafukufuku wa GSMA, bungwe la makampani a netiweki za mafoni, amaonetsa kuti kumwera kwa chipululu cha Sahara pafupifupi munthu mmodzi yekha pa anayi amagwiritsa ntchito intaneti ya pafoni, ndipo amayi ndi amene amatsalira kwambiri pa kukhala ndi foni yamakono. M'banja la foni imodzi, foniyo imapita ndi amene wachoka pakhomo. Ngati ofufuza apeza kuti amene sanachenjezedwe ndi okalamba, amayi ndi osadziwa kuwerenga, palibe chimene mungakonze mkati mwa pulogalamu. Wonjezerani USSD, njira yoimba manambala oyamba ndi * n'kuthera ndi #, imene imagwira pa foni iliyonse, ndi nambala yaulere yomvera uthenga wa mawu, monga 1090 ya ku Bangladesh.

Dziko lomwelo la Bangladesh likuonetsa pamene pulogalamu imagwira bwino ntchito. Namondwe wa mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000, wa mu 1991 pafupifupi 138,000, ndipo Sidr wa mu 2007 anapha anthu masauzande ochepa. Kutsika kumeneku kunachitika mafoni amakono asanafale. Kunabwera ndi nyumba zothawirako komanso anthu ongodzipereka masauzande ambiri a Cyclone Preparedness Programme, imene inayamba mu 1972, oyenda ndi mbendera ndi zokuzira mawu khomo ndi khomo. Foni yofunika kwambiri kuti ilire ndi ya munthu wotereyu, ya mtsogoleri wa asodzi padoko, ya mphunzitsi, ya wazaumoyo ndi ya muulutsi wa wayilesi ya m'dera. Anthu amenewa alembedwe pa mndandanda wapadera, aziyankha kuti alandira, ndipo amene sanayankhe aziimbiridwa.

Mwezi umodzi nyengo ya mvula isanayambe, tumizani chenjezo loyesera, lolembedwa momveka kuti ndi loyesera, pa njira zonse nthawi imodzi, kamodzi masana ndi kamodzi usiku. M'mawa mwake imbirani anthu osankhidwa mwachisawawa m'dera lililonse, muwafunse ola limene analimva, njira imene linawafikira, mtundu wa foni yawo ndi chimene analimvetsa. Mayankhowo agawidwe potsata dera, mtundu wa foni, kampani ya netiweki, msinkhu ndi kuti woyankha ndi mayi kapena bambo, ndipo gulu limene latsalira kwambiri ndi limene muyambire kukonza musanabwereze kuyesako patatha milungu iwiri.